Msana wa Apongozi

Kuntchito ankamutcha Salaza, ndipo dzinalo sanalipeze mwangozi. Anali wojambula zinthu pakompyuta pa kampani ina yopanga madenga okhota, makauntala a m'mahotela ndi mipando ya m'maofesi, ija mumakhalapo podikira abwana n'kumadzifunsa ngati anaipangira anthu kapena nsomba. Ofesi yake inali kachipinda ka pamwamba pa shedi ya makina. Makina odula matabwa akayamba kulira pansipo, zenera linkanjenjemera, ndipo utuchi unkakwera masitepe n'kudzagona pa kiyibodi yake. Mmawa uliwonse ankauchotsa ndi kamswachi kakale asanapereke moni kwa aliyense.

Ntchito yakeyo si yovuta kuimvetsa. Chinthu chokhota sachijambula chonse nthawi imodzi. Amayamba ndi mizere yokhota ingapo, kuindandalika motsatizana ngati nthiti, kenako amauza kompyuta kuti iyale khungu pamwamba pa nthitizo. Khungulo ndiye denga lija, kapena mpando. Mzere uliwonse umakoleka pa timadontho, ndipo ukakoka kadontho kamodzi mzerewo umasintha, khungu lonse n'kutsatira. Pomaliza pali batani limene limaveka chinthucho mizere yakuda ndi yoyera ngati ya mbidzi. Mizereyo ikayenda bwinobwino osathyoka, ndiye kuti khungu lasalala. Ikathyoka penapake, pamenepo pali kabampu. Anzake ankadina batanilo kamodzi, n'kunena kuti zili bwino, n'kutsika kukadya. Salaza ankatsala yekha, mphuno ili pafupi ndi sikirini, akukoka kadontho uku n'kukabwezanso, mpaka tiyi kuzizira m'kapu. Iye ankati n'kukonda ntchito. Ine ndimati anali matenda.

Ndipo matendawa anayamba kalekale. Ali ku pulayimale, aphunzitsi anawauza kuti ajambule ng'ombe. Yake inatuluka yopanda linunda, yopanda mawondo, yosalala ngati sopo wotsala pang'ono kutha. Atamufunsa kuti mawondo apita kuti, anayankha mwaulemu kuti mawondo amaipitsa ng'ombe. Anamukwapula, koma maganizo sanasinthe. Anakula nawo, kupita nawo kukoleji, n'kupezera ntchito maganizo omwewo.

Anakwatira namwino, mkazi wodekha amene anaona zambiri m'mawodi moti za mwamuna wake sizinkamudzidzimutsa. Mipando yonse ya pabalaza pawo inali yojambula Salaza. Kukongola inali yokongola, zimenezo sitikana. Koma mlendo akakhalapo ankayamba kutsetsereka pang'onopang'ono, mawondo kutsogolo, chibwano n'kumatsikira pachifuwa, ndipo nkhani isanafike pakati ankakumbukira kuti ali ndi kwina kopita. Mkaziyo ankati bola shuga sathamanga kutha. Iye mwini ankakhala pa kampando ka kukhitchini kamene anabwera nako pa ukwati, ndipo moyo unkayenda.

Zinthu zinasintha atabwera apongozi, bambo ake a mkaziyo. Mkuluyu anayendetsa malole onyamula katundu moyo wake wonse, ndipo akazi awo atamwalira anatsala okha m'nyumba kutali. Tsiku lina anagwa m'bafa n'kukhala pansi mpaka woyandikana nawo atamva kugogoda. Mwana wawo anakawatenga. Anafika ali ndi chikwama chimodzi ndi msana umene chiwongolero chinaupinda mmene chinafunira: phewa lamanja lokwera chifukwa cha chigongono chimene chinkakhala pazenera, chiuno chopendekera kumanzere, ndi linunda laling'ono pansi pa khosi.

Tsiku loyamba anayesa mipando ija umodziumodzi. Atatha anatuluka panja, n'kubwera ndi chidebe cha penti chopanda kanthu, kuchitembenuza m'kolido, n'kukhalapo atatsamira khoma. Kuyambira pamenepo aliyense wopita kuchimbudzi ankayenera kuwapempha njira. Sabata isanathe analengeza kuti mwezi ukatha abwerera kwawo, chifukwa munthu sangakhale m'nyumba yopanda pokhala.

Mkazi wa Salaza anamuuza nkhaniyi kukhitchini, akupukuta mbale.

"Bambo akapita, inenso ndipita. Sangakhalenso okha. Ndalankhula kale ndi akuluakulu kuntchito, chipatala cha kumeneko chikufuna anamwino."

"Nanga ine?" anafunsa Salaza.

"Inu muli ndi mipando yanu."

Sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinamuopsa. Salaza ankamukonda mkazi wakeyo kwambiri, ngakhale kuti kunena ankalephera. Ankadziwa kulira kwa makiyi ake pachitseko, ankadziwa mmene amavulira nsapato ndi chala cha phazi lina akachokera kuntchito. Ataganiza za nyumba yopanda zimenezi, anaona kuti sangakhalemo. Anatsimikiza mtima kuti apanga mpando wa apongozi, wogwirizana ndi msana wawo ndendende, woti akakhalapo aiwale za ulendo.

Munthu wanzeru akanapita m'kolido muja n'kunena kuti, bambo, ndiloleni ndikuyezeni. Koma akulu anati safunsa anadya phula, ndipo Salaza apongozi ake ankawaopa kuyambira tsiku limene anakaonekera kwawo. Tsiku limenelo mkuluyo anamufunsa kuti amagwira ntchito yanji. Iye anati amajambula mizere yokhota. Mkuluyo anagwedeza mutu, n'kufunsa kuti akamaliza kujambula mizereyo, kuntchito amapita nthawi yanji. Funso limenelo linamukhala pamtima zaka zonsezi. Choncho anaganiza zoti mizere ya msana wa apongozi angoiba.

Anagula waya wofewa, uja ukaupinda umakhala mmene waupindiramo. Apongozi akalowa m'bafa, iye ankathamangira kuchipinda chawo n'kugoneka wayawo m'dzenje limene thupi lawo lasiya pa matiresi. Anayeza jekete lawo lili pa hang'ala. Anajambula pafoni chidindo cha thukuta chimene msana wawo unasiya pakhoma la m'kolido. Tsiku lina mkuluyo akusamba m'manja pasinki, Salaza anaima kumbuyo kwawo chapatali, diso limodzi atatsinzina, n'kutambasula tepi yoyezera m'malere molingana ndi mapewa awo. Anaiwala chinthu chimodzi. Munthu amene wayendetsa lole zaka zonsezo sasiya kuyang'ana pagalasi, ndipo pamwamba pa sinkiyo panali galasi.

Madzulo ake apongozi anaitana mwana wawo m'kolido.

"Mwana wanga, kodi adokotala anakuuza china chimene sunandiuze?"

"Ayi bambo. Bwanji?"

"Mwamuna wakoyu akundiyeza. Dzana ndinamupeza ali pa matiresi anga ndi waya. Lero wayeza mapewa. Ndipo ndikumva kuti kuntchito kwake kuli matabwa ambiri. Sindikukana ayi, n'kukonzekera kwabwino. Koma umuuze kuti bokosilo lisakhale lokhota ngati mipando yakeyi. Kumeneko ndikufuna ndikagone bwino."

Mkaziyo anaseka mpaka kugwira khoma, kenako kusekako kunasanduka misozi, chifukwa awa anali bambo ake ndipo ankanena zimenezi mtima uli m'malo. Anakamupanikiza mwamuna wake kuchipinda, iye n'kuulula. Atabwerako anawauza bambo akewo kuti si bokosi, ndi mpando.

"Mpando winanso?" anatero mkuluyo. "Bola bokosi."

Salaza anamva, koma sanabwerere m'mbuyo. Mmawa mwake analowetsa mizere yakuba ija m'kompyuta ya kuntchito, kuyambira wa m'khosi mpaka wa m'chiuno, n'kuyala khungu. Atadina batani la mbidzi anatsala pang'ono kugwa pampando. Mizere inathyokathyoka paliponse, ina kupotana, ina kungoduka osadziwika kumene yalowera. Chinthu chonyansa chotero chinali chisanaonekepo pa sikirini yake.

Anadziuza kuti mwina waya unapindika m'thumba. Akonza kadontho kamodzi kokha, ka paphewa. Anakakoka pang'ono, ndipo mizere ya pamenepo inawongoka, mtima wake n'kumva kukoma. Koma phewa litakonzeka, linunda linayamba kuoneka kwambiri, ndiye analitsitsa. Linunda litatsika, chiuno chopendekeracho chinkaoneka ngati cholakwika cha wojambula, ndipo iye sanafune kuti wina adzati Salaza analakwitsa, ndiye anachiwongola. Pofika nthawi yoweruka, mizere ya mbidzi inali kuyenda bwinobwino kuchokera pamwamba mpaka pansi. Iye anatsamira kumbuyo n'kumwetulira. Sanazindikire n'komwe kuti apongozi awachotsamo onse.

Mmisiri wa makina anadula nthiti za mpandowo, kuzilumikiza, kuyala thabwa lopyapyala pamwamba n'kulipaka mafuta. Abwana anatsika kudzaujambula pafoni, n'kunena kuti umenewu ukhoza kuikidwa pa kalendala ya kampani. Loweruka masana Salaza anafika nawo kunyumba, n'kuuika pakati pa balaza.

Apongozi anadzuka pa chidebe chawo, kuuzungulira mpandowo, n'kuusisita.

"Wosalala," anatero.

Anakhalapo. Linunda lija linagunda pamalo athyathyathya n'kukankhira mutu wawo kutsogolo. Phewa lokwera linasowa polowa. Chiuno chinafuna kupita kumanzere monga mwa chizolowezi, mpando n'kuchikankhira pakati, ndipo penapake m'kati mwa msana munalira kuti thwa. Mkuluyo sanafuule. Anangotseka maso n'kunena chapansipansi kuti, "Ndidzutseni." Anawadzutsa awiri, wina uku wina uku, ndipo masiku otsatira mkuluyo anawathera pabedi akupakidwa mankhwala. Paja amati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mkazi wa Salaza anamukokera pabalaza n'kuloza mpandowo.

"Tandionetsani. Msana wa bambo anga uli pati pamenepa?"

"Ndinangoukonza pang'ono."

"Mwaukonza. Madokotala ayesa, alephera. Ine ndaupaka mankhwala mpaka manja kutopa. Koma inu mwaukonza pakompyuta."

Sanadikire yankho. Analowa kuchipinda, ndipo Salaza anamva kukhukhuluzika kwa masutikesi akutsitsidwa pamwamba pa wadiropu. Anaima pomwepo manja ali lende. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wake anayang'ana chinthu chosalala n'kudana nacho.

Apongozi atapezako bwino n'kubwerera pa chidebe chawo, mwezi unali utatsala pang'ono kutha. Salaza anatenga waya wake, kupita m'kolido, n'kunjuta patsogolo pawo.

"Bambo, ndikupempha kuti ndikuyezeni."

"Bokosi kapena mpando?"

"Mpando, bambo."

"Uja munayeza ndani?"

"Ndinayeza inu. Koma ndinachotsamo zimene sizinandisangalatse."

Mkuluyo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anayamba kumasula mabatani a malaya, n'kutembenuka kuyang'ana kukhoma.

Salaza anali asanaonepo msana umenewu popanda jekete. Unali wowonda kuposa mmene ankaganizira, mafupa akuwerengeka, khungu lofewa ngati la mwana. Panali chipsera chachitali pansi pa phewa, ndi malo ena akuda pamene chinachake chinakhala chikukhula kwa zaka zambiri. Anachita manyazi, komanso chisoni chinamugwira. Msana uwu ndi umene unaphunzitsa mkazi wake sukulu, ndipo iye ankautcha cholakwika cha waya. Anafunditsa wayawo m'manja mwake kuti usawazizire, n'kuugoneka pakhungu mofatsa, kuupinda motsatira fupa lililonse. Akamaliza mzere umodzi ankaujambula papepala lalikulu pansi, kuwongola waya, n'kutsikira m'munsi pang'ono.

"Manja anu ndi ofewa," anatero apongozi akuyang'anabe kukhoma. "Ngati a mayi ake a mwanayu."

Salaza sanadziwe ngati kumeneku kunali kumuyamika, choncho anangoti zikomo.

Ulendo uno sanapite nayo kuofesi mizereyo. Anatsegula laputopu patebulo lodyera, ndipo apongozi anakokera chidebe chawo pafupi kuti aone ntchito imene inawalanda mwana. Anaonerera nthiti zikundandalikidwa. Khungu litayalidwa anasendera pafupi.

"Ameneyo ndine?"

"Ndinu, bambo. Kumbuyo kwanu."

"Sindinadzionepo kumbuyo. Ndine woipa ndithu."

Ananena monyadira. Salaza anadina batani la mbidzi mwachizolowezi, ndipo mizere inathyoka paliponse monga poyamba paja. Dzanja lake linayamba kukwawira ku mausi ya kompyuta lokha, mwini wake asanalitume. Pafupi ndi chiuno panali kabampu kamodzi koti kukakoka pang'ono chabe palibe akanadziwa.

Dzanja la apongozi linagwera pamwamba pa lake. Linali lolemera.

"Siyani."

"Kabampu aka kokha, bambo."

"Ako n'ka sipuling'i ya mpando wa lole yanga yoyamba. Ndakhala nako nthawi yaitali kuposa mmene inu mwakhalira ndi mkazi wanu. Kasiyeni."

"Nanga apa, pamene pakwera..."

"Apo ndi pazenera. Mukapatsitsa, chigongono ndiika pati?"

Anakhala chomwecho mpaka ntchito kutha, mkulu atagwira dzanja la mkamwini wake ngati wakuba wogwidwa pamsika, akumulola kusuntha pokhapokha akanena kumene akupita. Mkazi wa Salaza anadutsa atanyamula zovala zopinda, kuwayang'ana, n'kupitirira.

Mmisiri wa makina ataona chojambulacho anakwera masitepe kudzafunsa ngati kompyuta yagwidwa ndi kachilombo. Salaza anati ayi, adule mmene zililimo. Koma kuulumikiza pamaso pa anzake sakanatha, manyazi anali akadalipo. Ananyamula zidutswazo m'katoni n'kukazilumikizira kunyumba, pabalaza, ndi guluu ndi zomangira zobwereka.

Umene unatuluka unali mpando woti ukauona ungaganize kuti unagundidwa ndi galimoto. Mbali imodzi inali yokwera, pakati panali chidzenje, m'munsi munapendekera kumanzere, ndipo choikapo mkono chakumanja chinali pamwamba kuposa chinzake. Salaza ankauyang'ana cham'mbali, monga mmene munthu amayang'anira bala.

Linali tsiku lomaliza. Masutikesi anali atafoleredwa m'kolido, ndipo galimoto yowanyamula inali itauzidwa kuti ibwere mawa lake. Apongozi anafika pabalaza akukoka miyendo. Ulendo uno sanauzungulire mpandowo. Anangotembenuka n'kutsika pang'onopang'ono, mwana wawo atawagwira mkono, nkhope itakonzekera ululu.

Linunda linalowa m'dzenje lake. Phewa linapeza malo. Chigongono chinakwera chokha pa choikapo mkono chija n'kukhala phee. Mkuluyo anatulutsa mpweya wautali, nkhope n'kumasuka. Anatsegula pakamwa kuti anene kanthu, koma mawu asanatuluke maso anatsekeka. Posakhalitsa anayamba kuliza mkonono, dzuwa lili pamutu.

Mkazi wa Salaza anaima atagwira pakamwa. Ananong'oneza kuti chibwerereni bambo ake anali asanagonepo tulo totere, ngakhale pabedi. Awiriwo anakhala pansi pa simenti, atatsamira khoma, poti mipando inayo mukuidziwa kale. Phewa la mkaziyo linakhudza la mwamuna wake, ndipo silinachokepo.

Apongozi anadzuka dzuwa litapendeka. Anayang'ana uku ndi uku, kupukuta pakamwa, n'kumenya choikapo mkono chija ndi chikhatho.

"Uwu ndiye mpando," anatero. "Mwagwira ntchito, bambo."

Mtima wa Salaza unadumpha. Zaka zonsezi ankadikira mawu amenewa.

"Ndiye mawa muuike bwino m'galimoto," anapitiriza mkuluyo. "Muukulunge ndi bulangete usakandike. Kwathu ndikauika pakhonde."

Zimenezi Salaza sanaziganizirepo n'kamodzi komwe. Anapanga mpando wabwino kwambiri moti tsopano unali kupita limodzi ndi apongozi, ndi mkazi wake yemwe. Anayang'ana mkaziyo, koma iye anali kuyang'ana pansi.

Salaza pa nkhani ya miyeso anali asananamepo.

"Sungatuluke, bambo."

"Bwanji?"

"Ndaulumikizira m'nyumba muno. Ndi waukulu kuposa chitseko. Ndipo guluu wake ndi uja sachoka. Kuutulutsa ndiye kuuphwanya."

Apongozi anayang'ana chitseko. Anayang'ana mpando. Anayang'ananso chitseko. Munthu uyu anakweza mafiriji, mabedi ndi makabati m'malole moyo wake wonse, anadutsitsa katundu pa zitseko zoti mbuzi yonenepa singalowe. Sankafunika tepi kuti aone kuti mpandowo, ukangoupendeketsa chammbali, utuluka n'kutsalanso malo a munthu wounyamula. Salaza anaona kuti aona. Anaweramitsa mutu kudikira chigamulo.

Mkuluyo anayang'ana mwana wake, amene maso anali atadzaza misozi, kenako mkamwini wake. Anatsamiranso kumbuyo, msana n'kulowa m'malo mwake.

"Zoona," anatero. "Sungatuluke umenewu."

Anakonza chigongono chawo bwinobwino n'kutseka maso.

"Mwana wanga, kamasule katundu. Ndipo woyendetsa galimoto uja mumuimbire msanga, asawononge mafuta."